Mwana wanga anasanduka mtolo wa fodya

Lachiwiri lapitali a Mwale, manejala wa esiteti imene timalimapo fodya, anandiitana kuofesi. Sanatume kapitawo. Anabwera okha mpaka pachigafa pamene ndinkasoka masamba, n'kuima, n'kunena kuti, "Mayi a Takondwa, tabwerani kaye."

Inu amene simunakhalepo tenanti mwina simukuonapo vuto. Tenanti saitanidwa kuofesi kukamwa tiyi. Ndikuyenda pambuyo pawo ndinkangofufuza mumtima: kodi nkhuku yathu yalowanso m'dimba la akazi awo? Kodi bambo a Takondwa analankhula zotani kumpira Lamulungu? Kodi fodya wathu wachita nkhungu?

Titafika pakhonde anatulutsa foni. Akumwetulira.

"Mwatchuka," anatero.

M'fonimo munali ine.

Ine ndithu, duku langa lofiira kumutu, manja nditapinda pachifuwa, nditaima m'chigafa pansi pa fodya wopachika, dzuwa la m'mawa likulowa m'mipata ya masamba. Nkhope nditakweza pang'ono. Kumbuyo kwanga anthu atawerama. Chithunzi chokongola, sindinama. Sindinkadziwa kuti ndimaoneka choncho. Pansi pake panali mawu a Chingerezi ataliatali.

A Mwale anafotokoza kuti anthu a ku yunivesite aja, amene anabwera mwezi watha kudzaona mmene timapempherera tisanayambe ntchito, akuyambitsa gulu lawo. Loweruka alikhazikitsa mu holo ya tchalitchi ku Chamama, ndipo chithunzi changa ndicho chizindikiro cha gululo. Chili kale pa chinsalu chachikulu. Pambuyo pake chidzakhala pa zitenje ndi pa malaya. Aitana abusa, aitana mashehe, aitananso akuluakulu a kampani yogula fodya ochokera ku Lilongwe.

Zomalizazo ndinazimva ngati akulankhulira m'chitsime. Maso anga anali paphewa lamanzere la mayi wa m'chithunziyo. Panali kachipewa kachikasu koluka. Pansi pa kachipewako panali khutu. Tsamba la fodya likukhudza khutulo.

Takondwa. Mwana wanga, amene sanayambe n'kukwawa komwe.

Ndikufotokozereni, poti ena mumauonera fodya pawindo la basi. Lamulo likuti mwana asapezeke m'munda wa fodya kapena m'chigafa. Kampani imene imapereka feteleza ndi kugula fodya wa esiteti ino imalisunga kwambiri lamulo limeneli, ndipo ine sindikulitsutsa. Ndi labwino. Fodya wauwisi akanyowa amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Ine wamkulu ndimachita chizungulire, nanga khanda? Ndimadziwa. Ndimamufunditsa nsalu ziwiri, ndimasamba m'manja mpaka m'zigongono ndisanamuyamwitse, ndipo tsiku lonse ndimamvetsera kapumidwe kake ndi msana wangawu.

Koma ndimusiye ndi yani?

Mayi anga ali ku Phalombe. Apongozi anga ali ku Phalombe. Kuno tinabwera pa lole, ine, mwamuna wanga, mphasa ndi ndowa. Mkombaphala wapafupi uli ku Chamama, ndipo salandira woyamwa. Fodya ukamuthyola sadikira. Usoke lero, upachike lero, apo ayi awola, ndipo manja a mwamuna wanga okha sakwanira.

Kampani ikapeza mwana m'chigafa, esiteti imachotsedwa pa mgwirizano. Manejala sadzichotsa yekha ntchito. Amachotsa banja la mwanayo, n'kukauza kampani kuti vuto latha. Esiteti ya kutsidya kwa dambo inachita zimenezi chaka chatha. Ndinawaona ndi maso anga atakhala m'mbali mwa msewu, katundu ali m'thumba la feteleza, mayi akuyamwitsa, fodya wawo yense ali lende m'chigafa asanagulitsidwe. Fodya amatsala. Amapita ndi anthu.

Ndiye mufunsa kuti timakhala bwanji. Timakhala ndi pemphero.

A Mwale ndi mkulu wa mpingo. M'mawa uliwonse ntchito isanayambe timasonkhana m'chigafa chachikulu, iwo n'kupemphera. Timabwera tonse, Akatolika, a mpingo wa a Mwale womwewo, a mipingo yoimba ng'oma, ngakhale anzathu Achisilamu ochokera ku Machinga. Sakakamiza munthu. Amangokumbukira amene sanabwere.

Mlangizi wa kampani, a Zimba, amayendera esiteti panjinga yamoto, ndipo amakonda kufika m'mawa chifukwa amatipeza tonse pamodzi. Ndiye amayi a pano ali ndi pangano, ine ndinalipeza: popemphera, mmodzi satsinzina. Amaima kumapeto kwa chigafa kumene kuli mpata, n'kukweza nkhope kuti aone pamwamba pa chimanga mpaka kumsewu. Akangoona chisoti choyera chikubwera, amanena mokweza kuti "Ameni" pakatikati pa pemphero. Amayi a ana amatulukira kumbuyo mmodzimmodzi, ulendo wa kuchitsime.

A Mwale satsegula maso. Pemphero limangotalika. Amapempherera mvula, boma, odwala, akaidi, oyenda pamsewu, ana amasiye, mitengo ya kuokushoni. A Zimba nawonso ndi munthu woopa Mulungu. Akapeza anthu akupemphera amazimitsira njinga patali, amavula chisoti, amawerama. Satukula mutu a Mwale asanamalize, ndipo a Mwale samaliza kumbuyo kusanati zii.

Palibe amene ananenapo zimenezi ndi pakamwa. Aliyense amatsinzina pa nthawi yake, esiteti n'kumayenda.

Tsiku limene anajambula, wolondera ndinali ine. Nkhope yoloza kumwamba ija, imene a Mwale ankati yagwira mitima ya anthu ophunzira, inkayang'ana msewu wa ku Chamama.

Koma chithunzi sichitsinzina.

Pakhonde paja ndinangoloza ndi chala. A Mwale anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, kachipewa kanadzaza foni yonse. Kumwetulira kunatha. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ine mwana ameneyu sindinamuonepo m'chigafa," anatero pang'onopang'ono. "Koma akamuona a ku Lilongwe Loweruka, nanenso ndidzamuona."

Si munthu woipa. Takondwa atatentha thupi anamutengera kuchipatala pagalimoto yawo, natidikira panja mpaka titathandizidwa. Ndikudziwanso kuti tsiku lotichotsa adzayamba atipempherera kaye.

Ndinawapempha kuti awaimbire anthuwo. Anati aimbe akanene chiyani? Iwo sanaone kanthu, ndipo munthu saimba foni za chinthu chimene sanachione. Anangonena, akuyang'ana kumbali, kuti alendowo ayamba kale kufika ku Chamama kudzakonzekera, ndipo Lachinayi kapitawo sadzandifuna kwenikweni.

Anthu amenewa ndi ndani?

Monga ndinamvera ine, ku yunivesite kuli anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza mmene mabwana amayendetsera makampani, maesiteti, masitolo, zipatala. Pakati pawo pali kagulu kena kamene kakufuna kudziwa kuti Mulungu amalowera pati m'zimenezi. Kodi bwana wopemphera amasunga bwino anthu? Kodi wantchito amasiya chikhulupiriro chake pageti n'kuchitenganso poweruka? Mafunso abwino. Anamva kuti kwa a Mwale matenanti sathawa ndipo samenyana, ndiye anabwera kudzaona.

Amene analankhula nane ndi a Dokotala Nyirenda, mayi wamtali wa magalasi. Si dokotala wa jakisoni. Ndinawafunsa za chifuwa cha Takondwa, anapepesa. Anandifunsa ngati pemphero la m'mawa limandithandiza pa ntchito. Ndinati limandithandiza kwambiri. Sindinaname. Anapemphanso chilolezo chojambula, zimenezo ndisawanamizire. A Mwale anali ataima pambali pawo, tonse tinati eee. Kodi munaonapo tenanti akukana kanthu manejala ali pomwepo?

Bambo a Takondwa sanafune kuti ndipite. Anati anthu ophunzira ukawauza chinsinsi amachilemba m'buku n'kukachiwerenga pa wailesi. Ndinawayankha kuti chinsinsicho chapachikidwa kale pakhoma, pa chinsalu chachikulu kuposa chitseko chathu. Lachinayi m'mawa anadzuka kukapopa njinga.

Ndinkafuna ndikaime panja, ndikanong'oneze a Dokotala, ndibwerere. Koma nditangosuzumira pakhomo la holo ndinakumana ndi ine mwini kutsogolo, wamkulu kufika kudenga, kachipewa kachikasu kali ngati beseni. Wina anatembenuka, anandizindikira, holo yonse inaomba m'manja. Anandipatsa mpando, anandipatsa chakumwa cha m'botolo ndi sikono. Ndinakhala pakamphepete ka mpando. Takondwa anali kumsana, atavala kachipewa komweko, poti ali nako kamodzi.

Wapampando wawo, a Pulofesa Gondwe, bambo wachikulire wa mawu a kumpoto, anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Mama, mwatipulumutsa," anatero. "Popanda inu gulu ili likanafa lisanabadwe."

Ndiye anandisimbira. Akuti anakangana kwambiri za chizindikiro. Ena anafuna mtanda. A Idrissa, mphunzitsi Wachisilamu wa nthabwala zake, anafunsa ngati iwo aitanidwa kudzangonyamula mipando. Wina anati chabwino, mtanda ndi kamwezi pamodzi. Anakana ena, amene amati uzimu wa munthu pa ntchito si nkhani ya tchalitchi kapena mzikiti. Anati mtengo wa mlambe, ena anati anthu aziti ndi gulu la zankhalango. Anati kandulo, ena anati azioneka ngati odandaula za magetsi. Dzina nalonso linavuta: liyambe ndi uzimu kapena liyambe ndi chipembedzo? Ena anafika poopseza kuti ayambitsa gulu lawolawo.

Kenako a Dokotala Nyirenda anatulutsa chithunzi changa. Mayi wa duku. Duku amavala Mkhristu, amavala Msilamu, amavalanso wongothawa dzuwa. Palibe mtanda, palibe buku m'manja. Aliyense anaonapo zake. Onse anavomera.

Anthu owerenga mabuku odzaza ngolo analephera kugwirizana za Mulungu. Anagwirizana za ine.

Sindikuwaseka. Titatuluka panja ndi a Dokotala, ndisananene changa, anandiuza chifukwa chake gululi lili pamtima pawo chonchi. Akuti kusukulu kwawo anzawo ofufuza za mafakitale ndi misika amawaseka, amawatcha abusa osowa guwa. Abusa enieni nawo amati anthu awa akuika Mulungu pa sikelo. Akalemba zimene apeza, kwina amawabwezera kuti mwachuluka tchalitchi, kwina amawabwezera kuti mwachepa tchalitchi. Aliyense anakhala yekhayekha pasukulu pake, akudziyesa wopenga, mpaka anayamba kumva kuti kuli anzake ena.

Zimenezo ndinazimvetsa kuposa mmene iwo ankaganizira. Nditangofika kuno kuchokera ku Phalombe, amayi ankandipatsa moni ndi pakamwa pokha. Ndinkasoka fodya pakona ndekha. Ndinakhala munthu wa pano tsiku limene Nachisale, mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana nafe, anandigunda ndi chigongono potuluka m'pemphero n'kunena kuti, "Mawa ndiwe." Basi. Munthu umafuna anthu ako. Ngakhale uli ndi magalasi.

Ndipo ndi mmene tilili ife kuno. Gulu lililonse lisanagwire ntchito limayamba lafuna nsalu. Amayi a kutchalitchi ali ndi yawo. A banki m'khonde ali ndi yawo. A kwaya, a kalabu ya alimi, a komiti ya mjigo. Gulu lopanda nsalu pamaliro silipatsidwa malo. Ndipo pansalupo pamafunika nkhope. Mwaona kuti kawirikawiri nkhope yake imakhala ya mayi wa kumudzi? Wasenza ndowa, wanyamula khasu, akumwetulira. Ine sindinaonepo chitenje chokhala ndi pulofesa atawerama pa desiki. Tatsegulani sutukesi yanu, mutulutse zitenje za misonkhano zija. Mayi ali pamenepoyo, munafunsapo kuti ankayang'ana chiyani?

Ndinawauza a Dokotala zonse. Ndinafuna kunena za lamulo lokha, koma ine ndikachita mantha pakamwa sipatseka, ndinanena za Phalombe, za banja la m'mbali mwa msewu lija, za chisoti choyera, za Ameni, za akaidi amene a Mwale amawapempherera, zonse mpweya umodzi.

Anavula magalasi. Anati mwanayo anamuona pojambula, ndipo ankaganiza kuti ndiye akukometsa chithunzi. Sanadziikire kumbuyo. Anangofunsa kuti, "Ndiye inuyo mukufuna tichite chiyani, amayi?"

"Mumuchotse."

Ndinamva ndekha mawuwo akutuluka. Mwini wake anali kumsana akukoka mfundo ya duku langa.

Anapempha kuti akauze anzawo. Ndinati akanene za lamulo, za Ameni asanene. Sananene. Ndinakhala kumbuyo kwa holo ndikuyamwitsa, iwo akukambirana za ine m'Chingerezi chosakaniza ndi Chichewa, ndipo ndinkatola zokwanira kundiopsa.

A Pulofesa anati kufufuta mwana m'chithunzi ndi bodza. Anthu akuwanena kale kuti si ofufuza enieni, ndiye ntchito yawo yoyamba ikhale kukonza umboni? Wina anati chichotsedwe chithunzi chonse. A Idrissa anapumira m'mwamba n'kufunsa ngati akubwereranso ku mlambe. Bambo wina wa pafupi ndi khomo anayamba kulongedza kompyuta yake m'chikwama.

Kenako anaima mayi wina wa nkhope yachifundo kwambiri. Anati abale, nkhani imene gulu lathu liyenera kufufuza ndi imeneyi. Amayi, makanda, zigafa, mabwana opemphera. Tikufunafuna chotidziwikitsa, si ichi chabwera chokha panjinga? Tilembe, dziko lidziwe. Mitu yonse inagwedera.

Ine mkaka unaima.

Sindikudziwa kuti ndinadzuka bwanji. Ndinangopezeka ndaima, mwana ali kubere, nsalu ikugwa.

"Pepani mabwana. Mulembe tikagulitsa."

Wina anakhosomola. Mayi uja anakhala pansi pang'onopang'ono, ndipo ndinamumvera chisoni, chifukwa ananena zoona. Ine ndinangonena za nthawi.

Anathetsa nkhani ndi a Idrissa. Anati chojambula ndi kamera ndi umboni, koma chojambula ndi penti ndi chizindikiro chabe. Ng'ombe yomwetulira ya pakhoma la butchala ija, alipo anaisumira kuti ikunama? A Pulofesa anaganiza, anakanda ndevu, anavomera. Onse anakweza manja. Anatseka ndi mapemphero awiri, Lachikhristu ndi Lachisilamu, kenako anakhala chete pang'ono chifukwa cha aja osafuna tchalitchi kapena mzikiti. Ine pa atatu onsewo ndinatsinzina. Sindikumbukira tsiku lina limene ndinatsinzina chonchi popemphera.

Anaitana a Jere, amene amalemba mayina a magolosale pa Chamama. Anabwera ndi ovolosi yawo ya mawangamawanga, anaima kutsogolo kwa chinsalu, anapendeketsa mutu. Anati kuchotsa mutu wa mwana si ntchito. Nanga chotupa cha kumsanachi? Nanga mfundo ya nsalu pachifuwapa? Mukufuna anthu aziti gulu lanu ndi la a linunda? Anati awasiyire, aona chochita.

Ndisananyamuke a Dokotala anandiitanira pambali. Anati chithunzi chenichenicho achifufuta kuti chisayende, anzawo afufuta kale, ndipo a Mwale awauza kuti nawonso afufute. Chatsala cha m'foni mwawo. Ndinapempha kuti ndichigwire kaye.

Ndilibe chithunzi china cha Takondwa. Foni yathu ndi ya mabatani. Ndinayang'ana kachipewa, khutu, tsamba lija. Ndinaona kuti khutu lake ndi la bambo ake, chinthu chimene sindinkachidziwa, poti munthu suona zimene zili kumsana kwako.

"Mudine ndinu," anatero a Dokotala, nandilozera pofiira.

Ndinadina.

Loweruka a Mwale anatinyamula ena a ife pa lole ya esiteti kuti tikaimbe. Takondwa ndinamusiya ndi Nachisale. Tsiku lopanda ntchito womusiyira amapezeka.

Chinsalu chinali kutsogolo, penti isanaumitse. Mayi wa duku lofiira, nkhope yofanana ndi ine pang'ono, yofanananso pang'ono ndi mayi wa pa chikwangwani cha saluni ya pamsika. Akuyang'ana kumwamba. Kumsana wabereka mtolo wa fodya. Pamene panali kachipewa patuluka masamba achikasu, aakulu, opanda banga, fodya woti kuokushoni sangamubweze. A Jere ntchito amaidziwa.

Bwana wa kampani wochokera ku Lilongwe anaima patsogolo pake nthawi yaitali, manja kumbuyo. Ine ndili pa benchi ya kwaya ndikumuyang'ana. Atapatsidwa mwayi wolankhula anati chithunzichi chamukhudza, chikuonetsa mayi wa Chimalawi weniweni, pemphero pamaso, ntchito kumsana. Anthu anaomba m'manja. Inenso ndinaomba.

A Pulofesa anawerenga dzina la gulu. Uzimu ndi chipembedzo zonse zalowa, n'chifukwa chake ndi lalitali. Ndinaona a Dokotala akupukuta magalasi amene sanali akuda. Bambo wa kompyuta uja sanachoke, amusankha kukhala mlembi.

Potuluka ndinakumana ndi a Zimba pakhomo, chisoti chili m'khwapa. Anayang'ana chinsalu, anayang'ana ine, anayang'ana msana wanga wopanda kanthu.

"Mwana ali bwanji, mayi?"

"Ali bwino, bambo."

"Tithokoze Mulungu."

Pemphero lotsekera anapereka ndi a Mwale. Sindinawamvepo akupemphera mwachidule chonchi. Akaidi tsiku limenelo sanatchulidwe.

Ndiye sitinachotsedwe. Fodya wathu ali m'chigafa, akuuma bwino, mwezi wamawa tiyamba kusankha.

Wina anena kuti, iwe mayi, unaletsa anthu kulemba, nanga iwe walemberanji? Mayina ndasintha, esiteti sindinaitchule, ndipo zigafa za ku Kasungu n'zambiri, m'chilichonse muli kachipewa ka mtundu wake. A ku Lilongwe tsamba la Chichewa lino amakulungira mbatata. Wofuna kundigwira abwere ndi umboni. Chinsalu chija chilipo. Pali mwana?

A Dokotala analonjeza kuti abwera tikagulitsa, pamodzi ndi mayi wa nkhope yachifundo uja. Akuti akufuna kukhala pansi ndi mamanejala opempherawa, awafunse ngati munthu woopa Mulungu sangamange kachisakasa kutali ndi fodya, n'kuika mayi mmodzi woyang'ana makanda. Mwina abwera. Anthu a galimoto onse amati tibweranso. Awa ndikuwakhulupirira pang'ono kuposa ena, chifukwa ndinawaona akuopa kutsala okha, ndipo munthu wodziwa mantha amenewo sachedwa kumva.

Koma ndikufuna ndinene ndi inu a gulu latsopano, poti tsopano muli ndi dzina, muli ndi mlembi, posachedwa mukhala ndi zitenje. Ndakondwera nanu. Mwapezana. Mukapita ku misonkhano ikuluikulu simudzakhalanso pakona, mudzazindikirana ndi nsalu kuchokera patali. Sindikukuimbani mlandu wa penti ija. Ndinapempha ndine, ndipo mawa n'kupemphanso.

Chokhacho, mumati mukufufuza pamene Mulungu amalowera pa ntchito. Kwa ena sindikudziwa. Kwa ine amalowera paphewa lamanzere, pamene a Jere anapaka masamba. Pemphero langa lonse lili pamenepo. Pemphero la a Mwale limatalikira pamenepo. A Zimba amaweramira pamenepo. Mukadzaiwala zimenezi mudzatsala ndi mayi woyang'ana kumwamba, ndipo mayi ameneyo ine sindimudziwa.

Mawa wolondera ndine. Ndidzaima kumapeto kwa chigafa, manja pachifuwa, nkhope m'mwamba, monga mmene mumandikondera.

Mtolo uli kumsanawu wamera dzino dzulo. Wayambanso kukana nsalu, ukufuna pansi.

Ukadzayamba kuyenda, a Pulofesa, mudzaujambula ngati chiyani?